Kusunga Mawu ndi Nkhope za Zomba

Mzinda wa Zomba unakhala likulu la dziko lino kwa zaka 84, kuyambira mu 1891 pamene Harry Johnston anakhazikitsa boma la atsamunda m'tsinde mwa phiri, kufikira mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Maofesi atasamuka, Nyumba ya Malamulo inatsalira komweko mpaka mu 1994. M'zaka zonsezi, malamulo okhudza msonkho, malo ndi nkhondo ankachokera m'nyumba zowerengeka za njerwa zomwe zinamangidwa pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Choncho munthu wofuna kudziwa mmene Malawi anakhalira dziko sangaulambalale mzindawu. Koma akafika n'kupempha kuti amve mawu a anthu a nthawi imeneyo, kapena aone nkhope zawo zikuyenda pa kanema, amapeza kuti chuma chimenechi chinamwazikana ngati mapira otayikira pabwalo. China chili mumzinda momwemo, china ku Blantyre, china ku Harare, ku London ndi ku Vienna, ndipo china chinawonongeka kotheratu.

Tsoka loyamba linagwa mu 1919, pamene moto unanyeketsa nyumba ya alembi akuluakulu a boma ku Zomba. Mbali yaikulu ya makalata amene anaunjikidwa kuyambira mu 1891 inasanduka phulusa. Mpaka lero akatswiri ofufuza za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda amadalira kwambiri makope amene anatumizidwa ku London ndi zolemba za amishoni. Madzi akatayika sawoleka. Komabe panadutsa zaka 28 boma lisanatsegule malo enieni osungira zolembedwa zake. Izi zinachitika mu 1947, pamene ku Zomba kunakhazikitsidwa nthambi ya Central African Archives, bungwe limene likulu lake linali ku Salisbury, mzinda womwe tsopano ndi Harare. M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953, zolembedwa zakale za dziko lino zinatengedwa kupita ku Salisbury, ndipo zinabwezedwa Chitaganyacho chitatha kumapeto kwa 1963. Kuchokera apo nyumba yosungira mbiri ya dziko, National Archives of Malawi, inayamba kuyenda payokha, ndipo mu 1975 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsera ntchito zake. Likulu la dziko linapita ku Lilongwe, koma nkhokwe ya mbiri inatsala ku Zomba.

Si makalata onse amene anafika m'nkhokwemo. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti atsamunda pochoka m'maiko amene ankalamulira anatenga mafayilo ambiri achinsinsi n'kukawabisa ku Hanslope Park, ndipo ena anawatentha. Pakati pa mafayilo amene anaululidwawo panali a Nyasaland.

Ngakhale pepala litasungidwa bwino lomwe, lili ndi malire ake. Limanena zimene wolemba anafuna kunena, ndipo ku Zomba wakale wogwira cholembera kawirikawiri anali Bwanamkubwa, bwana DC kapena mkulu wa polisi. Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa mumsika, mtengatenga, msilikali wa ku Cobbe Barracks, kapena mnyamata wosesa ku Gymkhana Club amaoneka m'mafayilo pokhapokha atalephera kukhoma msonkho kapena atapalamula mlandu. Wodalira mafayilo okha ali ngati munthu wotuma mnzake kumsonkhano, ndipo akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Apa ndi pamene mawu ojambulidwa, zithunzi ndi kanema zimaposera pepala.

Chitsanzo chabwino ndi cha Napolo. Mu December 1946 ku Zomba kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'masiku awiri osakwana. Phiri linagumuka, matope, miyala ndi mitengo zinatsetsereka m'zigwa, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa. Akatswiri a boma analemba malipoti ofotokoza kuchuluka kwa mvula ndi zimene zinawonongeka. Malipotiwo ndi ofunika, koma amawerengedwa ndi anthu ochepa zedi. Chimene chinafikitsa nkhaniyi m'makutu a Amalawi ambiri, ngakhale obadwa zaka zambiri pambuyo pake, ndi nyimbo ya Napolo ya abale a Paseli, oimba gitala. Nyimboyo inajambulidwa, inamveka pa wailesi kwa zaka zambiri, ndipo oimba ena a m'mbuyo mwawo anaiimbanso. M'nyimbomo munasungika chinthu chimene lipoti la boma silikanatha kusunga: kamvedwe ka eni dera, amene ankakhulupirira kuti chinjoka chokhala pansi pa phiri chikamasamuka kupita kunyanja chimasesa zonse za m'njira yake. Wophunzira wa sayansi adzanena kuti nthaka ikamwa madzi mopyola muyeso pamalo otsetsereka imagumuka, ndipo adzakhala atanena zoona. Koma chikhulupiriro cha Napolo chinalinso chenjezo la makolo lakuti m'njira ya madzi samangamo nyumba, pakuti chimene chinadutsa kamodzi chidzadutsanso. Mlakatuli Steve Chimombo, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, anatenga chifanizo chomwechi n'kulembapo ndakatulo zokamba za mavuto a dziko m'nthawi imene kulankhula poyera kunali koopsa. Zikanakhala kuti mawu a abale a Paseli sanagwidwe ndi makina, Napolo wa 1946 akanangokhala nambala m'kabuku ka zanyengo.

Funso lotsatira ndi lakuti, kodi makinawo anali m'manja mwa yani? Pakati pa 1935 ndi 1937 kagulu ka azungu kotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment kanayenda m'maiko a kuno, kuphatikizapo Nyasaland, kuonetsa anthu akuda mafilimu ophunzitsa. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, yomwe inkapanga mafilimu a anthu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Galimoto za boma zinkazungulira m'midzi ndi makina oonetsera kanema, ndipo usiku anthu ankakhamukira pabwalo kudzaonera zithunzi zikuyenda pansalu yoyera. Mafilimu ambiri anali a ulimi, ukhondo, kusunga ndalama ndi kumvera boma. Ena ankamuonetsa munthu wakuda ngati mwana wofunika kumugwira dzanja, ndipo woonera wa lero sangalephere kupsa nawo mtima. Komabe kamera ili ndi khalidwe limodzi lokoma: imagwira zambiri kuposa zimene mwini wake akufuna. Kumbuyo kwa mlangizi wa zaulimi kumaoneka kamangidwe ka nyumba, kavalidwe ka amayi, mtundu wa khasu ndi kuchuluka kwa mitengo m'mapiri. Zimenezi ndi umboni umene palibe mlembi anaganiza zoulemba. Gululi litatha pamodzi ndi Chitaganya mu 1963, mafilimu ake ambiri anatsalira ku Salisbury, ndipo akusungidwa ku National Archives of Zimbabwe.

Mawu nawo anayenda njira yomweyo. Wailesi imene anthu a ku Nyasaland ankamvera m'Chinyanja m'zaka za m'ma 1950 inkaulutsira ku Lusaka, ndipo ambiri ankaimvera pa kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 kujambula nyimbo za makolo, ndipo zimene anajambulazo zili ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anajambula pa filimu Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndipo zambiri zimene iye anasonkhanitsa zikusungidwa ku Vienna. Kampani ya British Pathé ya ku London ili ndi kanema wa zochitika zikuluzikulu za dziko lino, ndipo mu 2014 inaika mafilimu ake pa YouTube. N'zowawa kuti mdzukulu wa woimba ayenera kugogoda pakhomo la alendo kuti amve mawu a agogo ake. Koma chilungamo chake n'chakuti zambiri mwa zimenezi zilipobe lero chifukwa zinakagonera m'zipinda zozizira za kunjako.

Ufulu utabwera mu 1964, kamera ndi makina ojambulira mawu zinalowa m'manja mwa boma latsopano. Wailesi ya MBC inayamba chaka chomwecho ku Blantyre, ndipo nthambi yofalitsa nkhani za boma inali ndi gulu lake lojambula kanema. Amenewa anajambula zambiri: maulendo a Dr. Hastings Kamuzu Banda oyendera mbewu, misonkhano ya chipani, magule a amayi, kutsegulira misewu ndi kulandira alendo a maiko ena. Koma monga kamera ya atsamunda inkayang'ana Bwanamkubwa, iyinso inkayang'ana Ngwazi. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo dziko linakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka mu 1999. Wofuna kufufuza m'nkhokwe ya ku Zomba ankayenera kupempha chilolezo cha boma, ndipo nkhani zina zinali zosayandikirika.

Pachifukwa chimenechi, zina mwa zochitika zazikulu za mumzindawu zimadziwika kudzera pa pepala ndi m'makumbukiro a anthu. Pa 1 April 1960 Dr. Banda, atatulutsidwa m'ndende ya ku Gwelo, anafikira ku Zomba kumene anakumana ndi nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, ndipo analankhula pa wailesi kupempha anthu kuti akhale bata. Pa 8 ndi 9 September 1964 m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba munachitika mtsutso umene unasintha tsogolo la dziko, Dr. Banda atachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo m'masiku omwewo Henry Masauko Chipembere ndi anzake ena anatula pansi maudindo. Mawu a mtsutsowo anasindikizidwa m'buku la zokambirana za aphungu. Wowerenga amapezamo chiganizo chilichonse, koma pepala silinjenjemera mawu, siliombera m'manja, ndipo silisonyeza amene anawerama mutu. Pambuyo pake ena mwa mainawa anakhala osatchulika kwa zaka pafupifupi 30, ndipo m'masiku amenewo munthu wanzeru sankasunga m'nyumba chithunzi cha "chigawenga". Ndende ya Mikuyu, kufupi ndi mzinda womwewu, kumene mlakatuli Jack Mapanje anakhala kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991, imadziwika makamaka kudzera m'zimene anafotokoza otulukamo.

Ntchito yotamandika inachokera kusukulu yaukachenjede. Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mu 1973, ndipo aphunzitsi a mbiri yakale monga Kings Phiri ankatuma ophunzira m'midzi kukacheza ndi nkhalamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page pamodzi ndi ophunzira ake anacheza ndi anthu oposa 100 amene anaona nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe kuno inkatchedwa ya Chiwaya. Ena anali asilikali a King's African Rifles, amene chipilala chawo cha wotchi chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo ena anali amtengatenga osenza katundu wa nkhondo. Chipilalacho chimasunga maina, koma macheza aja anasunga njala, matenda ndi mantha a ulendowo. Anthu onsewo anatsikira kulichete kalekale. Ophunzirawo akanachedwa ndi zaka 15 zokha akanapeza manda.

Kujambula ndi chiyambi chabe, pakuti filimu ndi tepi zimafa msanga kuposa pepala. Mafilimu akuluakulu opangidwa isanafike 1951 anali a mankhwala a naitireti, amene amayaka mosazimitsika ndipo akakalamba amatha kubuka okha moto pakatentha. Amene anabwera pambuyo pake, kuphatikizapo a mamilimita 16 omwe boma linkagwiritsa ntchito, ndi a asiteti. Amenewa sayaka chisawawa, koma akakhala pamalo otentha ndi achinyezi amayamba kununkha ngati viniga, amakhwinyata, amauma n'kumathetheka. Fungolo likayamba silibwerera m'mbuyo, ndipo chitini chimodzi chodwala chimafulumizitsa kuwonongeka kwa zinzake zoyandikana nacho. Matepi a mawu ndi a vidiyo nawo amamwa chinyezi mpaka kumatirira, kotero kuti powaseweretsa amasupuka n'kusiya mawu ake pa makina. Pamenepa Zomba ali ndi vuto lakelake. Mvula yambiri ndi nkhungu yotsika m'phiri, zimene zinakopa atsamunda kuti amange likulu pamalo obiriwira chotere, ndi zomwezo zimene zimameretsa nkhungu ina, ya chuku, pa tepi ndi pa chithunzi. Mankhwala ake ndi chipinda chozizira ndi chouma usana ndi usiku, ndipo chipinda chotere chimafuna magetsi osathimathima.

Mdani wina ndi kutha kwa makina. Kalata ya mu 1920 imangofuna maso ndi kuwala. Tepi ya mu 1980 imafuna makina amene fakitale zinaleka kupanga, zipangizo zake zosowa, ndi mmisiri wodziwa kuwakonza yemwe mwina anapuma kale pantchito. Tepi ikhoza kukhala yamoyo koma yosalankhula.

Maiko anazindikira za vutoli. Pa 27 October 1980 bungwe la UNESCO linagwirizana mfundo zoteteza zithunzi zoyenda, ndipo mu 2005 linasankha tsiku lomweli kuti chaka ndi chaka likhale lokumbukira chuma cha mawu ndi kanema. Kuno kwathu, bungwe la Rei Foundation la ku New Zealand linagwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno pamodzi ndi National Archives pa ntchito yosamutsira mafilimu akale a m'nkhokwe ya ku Zomba pa kompyuta. Ku MBC, Sigbjørn Nedland wa ku Norway anathandiza ntchito yopulumutsa nyimbo za pa matepi akale, ndi thandizo la dziko la kwawo. British Library, kudzera m'ndondomeko yake yopulumutsa zolembedwa zomwe zili pangozi, inathandiza National Archives kufunafuna ndi kujambula mabuku akale a maulamuliro a mafumu amene anali m'maboma. Ntchito zonsezi n'zabwino, ngakhale munthu sangalephere kuona kuti m'zitsanzo zitatu zonsezi dzanja lothandiza linachokera kunja.

Kuika filimu pa kompyuta sikutha nkhani. Chosungira cha kompyuta chimafa mwadzidzidzi, popanda ngakhale fungo la viniga lochenjeza, choncho pamafunika makope angapo m'malo osiyanasiyana, ndi kuwasamutsa nthawi ndi nthawi. Filimu yeniyeniyo siyenera kutayidwa. Ndipo chithunzi chopanda dzina, malo ndi chaka chimataya theka la phindu lake. Amene angaloze pa kanema n'kunena kuti uyu anali mfumu yakuti, apa panali pa Chinamwali, ichi chinali chaka cha njala, ndi okalamba amene akutha tsiku ndi tsiku.

Phiri lenilenilo likufuna mboni zoterezi. Pamwamba pake, pamene pali nsonga zopitirira mamita 2,000, pali malo otchedwa Queen's View, okumbukira ulendo wa amayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, okumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafika mu 1965. Kwa zaka zambiri alendo akhala akujambula zithunzi ali pamalo amodzimodziwa, kuyang'ana ku Chilwa ndi ku Mulanje. Wina atazisonkhanitsa n'kuzindandalika motsata zaka, zingaonetse poyera mmene nkhalango za paini zinakulira ndi kudulidwa, mmene minda ndi nyumba zakwerera m'mbali mwa phiri, ndi mmene nyanja ya Chilwa imaphwera ndi kudzaza. Mzinda umene umamwa madzi a m'damu la Mulunguzi, ndipo unaona zimene zinachitika mu 1946, sungatenge zithunzi zotere ngati zokongoletsera khoma.

Apa ndi pamene khonsolo ya mzinda ikulowa m'nkhaniyi. Zomba anakwezedwa kukhala mzinda waukulu mu 2008, ndipo ali ndi mwayi umene Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu alibe: likulu la nkhokwe ya dziko lonse lili pakhomo pake, ndipo sukulu yaukachenjede, yomwe kuyambira mu 2021 ikutchedwa University of Malawi payokha, ili pamtunda woyenda pansi. Koma National Archives imayang'anira dziko lonse, ndipo zambiri zimene imalandira ndi zochokera m'maofesi a boma. Mbiri ya Zomba wa anthu wamba ili kwina: m'masutukesi a mabanja a ku Matawale, Chikanda ndi Sadzi, m'makatoni a ojambula zithunzi amene ankakhala ndi masitudiyo pafupi ndi msika, m'makaseti a makwaya ndi a maukwati, m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Khonsolo ndiyo imadziwana ndi makhansala, mafumu ndi atsogoleri a msika, ndipo ndiyo ingaitane anthu kuti abwere ndi zimene ali nazo, zijambulidwe, zilembedwe maina, mwini wake abwerere nazo kwawo, kope limodzi likhale kukhonsolo ndipo lina lipite ku National Archives. Imavomerezanso mapulani a zomangamanga, kotero ili ndi mpata wolamula kuti nyumba yakale isanagwetsedwe kapena kusinthidwa izijambulidwa kaye. Nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain m'zaka za m'ma 1880, yomwe pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola, ili ndi zithunzi zambiri chifukwa munkakhala akuluakulu. Sitolo zakale, msika ndi nyumba za akalaliki a boma zilibe mwayi wotere.

Zaka zaposachedwapa zaonetsa kuti khalidwe lakale lija silinathe. Mu 2013 Ian Brennan wa ku America anajambula nyimbo za akaidi ndi asilikali a ndende yaikulu ya Zomba, ndipo chimbale chake chinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Mawu a Zomba anamveka padziko lonse, koma anatulukira pakhomo lomwe lija la Tracey ndi Kubik. Kusiyana kwake n'kwakuti lero kamera ili m'thumba la anthu ambiri. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri a m'chigawo cha kummwera mu March 2023, anthu wamba anajambula pa mafoni matope akutsika m'phiri la Soche ndi m'madera ena, zinthu zimene mu 1946 ku Zomba ndi mu 1991 ku Phalombe panalibe mwayi wozijambula chotere. Kanemayo anayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook kwa milungu ingapo. Mafoni amenewo amagwera m'madzi, amabedwa, amagulitsidwa, ndipo akadzaza, mwini wake amafufuta zakale kuti apeze malo a zatsopano.